Chitseko Chimene Sitinkagulitsa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene tinatsala pang'ono kukhala ndi chitseko chokongola kuposa zitseko zonse za pa Mtunthama. Ndati tinatsala pang'ono, ndipo mawu amenewa amayi anga amawabwerezabe mpaka lero, makamaka mphepo ya mu Juni ikamalowera m'munsi mwa chitseko chimene chilipo panopa.

Banja lathu linkagulitsa zinthu zogumula m'nyumba zakale. Aliyense wochokera ku boma la Kasungu ankaliona bwalo lathu asanafike pamasitolo: milu ya njerwa zokhala ndi matope akale m'mbali, malata adzimbiri otsamizidwa pa mtengo wa mango, mafelemu a mawindo opanda magalasi, mapaipi, masinki osweka milomo, ndi zitini za misomali. Anthu ankangoti kwa a Mabwinja. Dzinali linayamba ngati chipongwe kwa agogo anga aamuna, kenako linawakanirira. Iwo atamwalira linasamukira kwa bambo anga, ndipo ine kusukulu ndinali Elube wa ku mabwinja. Ndinkadana nalo dzinalo, osati pang'ono. Ndinamenyanapo ndi atsikana awiri chifukwa cha dzina lomwelo, ndipo mmodzi ndinamugonjetsa.

Ntchito yanga yoyamba inali kuwongola misomali. Tinali ndi kachidutswa ka njanji pansi pa mango, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamenepo ndi hamala, go go go, mpaka zala kutupa. Bambo sankalola kuti msomali ngakhale umodzi utayidwe. Koma chodabwitsa n'chakuti ife ogulitsa zitseko kwa dziko lonse tinkagona m'nyumba ya zidina yotseka ndi lata lokhomerera pa timitengo, pogona n'kumanga ndi waya. Amayi ankati akamakoka latalo m'mawa, likulira kwee, mudzi wonse unkadziwa kuti kwa a Mabwinja adzuka.

Mbiri ya bizinesi yathu ife ana tinkaidziwa mwachidule. Agogo anabwera kuchokera ku Phalombe pa lole yotenga matenanti, anthu aja olima fodya pa esiteti ya eni ake n'kumadikira malipiro mpaka fodyayo atagulitsidwa. Anabwera ndi mkazi wawo ndi mwana mmodzi, yemwe ndi bambo anga. Mkaziyo, amene ine ndinatengera dzina lake, anamwalira pa esiteti pomwepo bambo ali aang'ono. N'zomwe tinkauzidwa, basi, ndipo palibe amene ankawonjezera. Patapita zaka esitetiyo inagwa. Mwini wake anachoka, mabani owotchera fodya anayamba kugumuka, nyumba ya manijala inasanduka khola la mbuzi za anthu. Amene anagula malowo anauza agogo kuti aigwetse nyumbayo, malipiro awo akhale chilichonse chimene angatolemo.

Ena akanaigwetsa ndi zitsulo tsiku limodzi. Agogo anaivula pang'onopang'ono, kuyambira kudenga kutsika m'munsi, lata ndi lata, msomali ndi msomali, mmene amavulira munthu wodwala. Malata anawagula mphunzitsi wina, njerwa zinakamanga tchalitchi, ndipo agogo anazindikira kuti nyumba yakufa ingathe kudyetsa anthu amoyo. Kuyambira pamenepo sanagwirenso tsamba la fodya. Ankayenda pa njinga kufunafuna maesiteti ogwa, masitolo otsekedwa ndi nyumba zimene eni ake anazithawa. Anakwatiranso, anapeza malo m'mbali mwa msewu, n'kukhazikika.

Bambo anatengera dzanja lomwelo. Ndinapita nawo kangapo kogumula, ndipo asanakwere padenga ankazungulira nyumba yonse chipewa chili m'manja, kulowa chipinda chilichonse ngati munthu woodira pakhomo la eni. Akapeza kanthu kotsala, kansapato ka mwana kapena chithunzi chodyedwa ndi chiswe, ankakaika pansi pa mtengo, osakakweza pangolo. Anyamata aganyu ankakodolana n'kumaseka. Inenso ndinkaona ngati n'kutaya nthawi, dzuwa likuswa mtengo.

Pa zonse zimene agogo anachotsa m'nyumba yoyamba ija, chinthu chimodzi chokha sanachigulitse: chitseko cha kumaso. Chinali cha mlombwa, chachikulu, chochindikala, chosemedwa magawo anayi, cholemera moti amuna awiri ankapumira panjira akachinyamula. Chinali ndi chogwirira cha mkuwa ndi penti wobiriwira wosendeka. Chinkakhala kuseri kwa shedi, pamwamba pa njerwa kuopa chiswe, chofunditsidwa pulasitiki wakuda. Ogula ankachisuzumira n'kufunsa mtengo, agogo n'kungopukusa mutu. Panyumba pawo sanachiikenso. Ife tinkati ndi makani a ukalamba. Anamwalira ku Phalombe atapita kukaona abale, anaikidwa komweko, ndipo chitsekocho chinatsalira bambo. Tsiku limene anabwerako kumaliro, bambo analonjeza amayi ine ndikumva kuti, "Naphiri, tikadzamanga nyumba ya njerwa, chitseko chija n'chanu."

Amayi anadikira. Kenako zinafika zaka za makuponi. Amene anakula nthawi imeneyo akukumbukira: mayina akuitanidwa pabwalo, mizere pa depoti kuyambira m'mamawa, matumba a feteleza akuyenda pa njinga ndi pangolo. Madandaulo analipo, ena ankalandira ena ayi, komabe chimanga chinabereka. Anthu amene kale ankagula ufa pa mbale anayamba kugulitsa matumba. Ndiyetu munthu wa kwathu kuno akakhuta, maso ake amapita kudenga. Aliyense ankafuna kuchotsa udzu n'kuika malata, atsopano anali odula, choncho njira yonse inathera kwa a Mabwinja. Bambo anagula ngolo yawoyawo ndi ng'ombe. Anagumula bani lina lakale n'kusunga njerwa zake, ndipo mvula isanayambe nyumba yathu inali itaima kuseri kwa bwalo, yofolera kale, ikungodikira simenti yapansi ndi chitseko. Madzulo amayi ankapita kukaima pakhomo lopanda kanthulo, manja ali m'chiuno, ngati akudikira alendo.

Pa holide ya Khirisimasi bambo anavundukula pulasitiki uja n'kundiitana.

"Elube, ntchito iyi ndi yako. Penti yense achoke, koma thabwa usalivulaze."

Anandipatsa zidutswa za magalasi a mawindo zoti ndizipalira. Koma abale, ndinapala ine! Pansi pa penti wobiriwira panali woyera, pansi pa woyera panali wina wotuwa wouma gwa, ndipo m'makona a zosemazo munkafunika msomali ndi mtima wautali. Zala zinachekeka, amayi n'kumandimanga tinsanza. Koma thabwa litayamba kuoneka, lofiirira, la mizere yoyenda ngati madzi, ndinaiwala zilonda. Ndinalikhula ndi sandipepa mpaka dzanja linkatsetsereka lokha. Amayi anatsuka chogwirira chija ndi phulusa ndi mandimu. Vanishi atapakidwa, anthu odutsa ankaimitsa njinga.

Chinthu chimodzi ndinachiona koma sindinachilabadire. Bambo anali munthu woyang'anitsitsa ntchito, msomali ukatsala wopindika pang'ono ankandibwezera. Koma pa chitsekochi sankaima. Ankadutsa nkhope ili kumbali, n'kungofunsa kuti, "Zikuyenda?" Ine ndinkati mwina akundikhulupirira chifukwa ndakula.

Kusukulu ndinalengeza kwa aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Panali mtsikana wina, mwana wa kalaliki, amene ankakonda kugwira mphuno ndikamadutsa, ati ndikununkha dzimbiri. Ndinamuuza pamaso pa kalasi yonse kuti adzabwere adzaone chitseko chimene kwawo sadzakhala nacho mpaka kukalamba. Kwa ine chitsekocho chinali mapeto a dzina lija. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wotulukira pa chitseko chotere sangatchedwenso wa ku mabwinja.

Kumayambiriro kwa chaka kunabwera bambo wina wa lole, amene ankamanga malo ogona alendo kufupi ndi paki ya nyama zakutchire. Ankafuna matabwa akale okhaokha, ati azungu amakonda zimenezo. Anasesa zitseko zonse, mafelemu a matabwa ndi mitanda ya denga, n'kutisiyira zitsulo, njerwa ndi timatabwa tofumbwa. Ataona chitseko chathu chikuwala pakhonde la shedi anavula magalasi a m'maso. Anatchula mtengo, bambo anakana. Anawonjezera, bambo anakanabe, amvekere, "Chimenecho chili ndi mwini wake, ndi mayi akusankha nyemba apowo." Amayi sanadzutse mutu, koma ndinawaona akumwetulira. Madzulo ake anapita kukagula nsalu yoyera ya makatani.

Tsiku loika chitseko linali Loweruka lina mu Febuluwale, nthawi yothyola fodya, kunja kukuwaza kamvula. A Gondwe, kalipentala wochokera cha ku Nkhamenya, anafika m'mawa ndi thumba la zida pa njinga. Anali atayeza kale khomo, akunola zida zawo, ine nditagwira mahinjesi. M'pamene pachipata panaima bambo wina wopanda nsapato, atagwira kamtsikana dzanja.

Sanalowe mpaka pakati. Ananjuta pafupi ndi mulu wa njerwa n'kuvula chipewa. Manja awo anali akuda ndi utomoni wa fodya, ndiye sitinachite kufunsa ntchito yawo. Atapatsana moni ndi bambo, kalankhulidwe kawo kanali ka agogo kenikeni, ka ku Phalombe. Anati ndi a Matiki, tenanti pa esiteti ya kutsidya kwa dambo, ndipo anali atangobwera nyengo yomweyo.

"Ndabwera ndi zovuta, bambo. Mayi a mwanayu atisiya m'bandakucha."

"Pepani, pepani kwambiri," anatero bambo, nawonso n'kunjuta. A Gondwe anaika zida pansi.

A Matiki anafotokoza motsitsa mawu. Mkazi wawo anadwala malungo masiku owerengeka. Kunyamula maliro kupita nawo ku Phalombe kunali kosatheka. Mwini esiteti anali ku Lilongwe, ndipo kapitawo anati palibe chimene angachite mpaka msika wa fodya utatsegulidwa. Makuponi amene anatukula ife sankawafika matenanti, chifukwa munthu wobwera analibe mudzi womulembera dzina, ndipo m'nyumba mwawo munalibe ngakhale nkhuku yoti agulitse. Eni mudzi wapafupi anali atawapatsa malo kumapeto kwa manda, kumene amaika alendo. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anali atayamba kale ntchito. Chosowa chinali bokosi.

"Anzanga asonkha mphasa, kapitawo wapereka chiguduli cha mabelo kuti timukulungiremo," anatero. Anayang'ana manja awo. "Bambo, mkazi wanga si fodya. Ndamva kuti kuno kumapezeka matabwa akale. Ngakhale oipa, ine ndilandira."

Bambo anadzuka. Analowa m'shedi ndi a Gondwe, tinamva akugubuduza zinthu. Anatulutsa timatabwa totsala tija, koma a Gondwe akangokanikiza ndi chala, chalacho chinkalowa, fumbi n'kuthothoka. Panalibe thabwa loti n'kunyamula munthu. Bambo anaima pakhomo la shedi nthawi yaitali. Sankayang'ana a Matiki, ankayang'ana kamtsikana kaja, kamene kanali kataima pafupi ndi chitseko kakuonerera chogwirira cha mkuwa chikunyezimira. Kenako anati, "Naphiri, tabwerani kuseri kuno."

Ine ndinawatsatira, mahinjesi ali m'manja, ndipo palibe anandithamangitsa. Amayi anali atadziwa kale. Sanadikire kuti bambo ayambe.

"Ayi, bambo a Elube. Chimenecho chokha ayi. Ufa ndipereka, nkhuku ndipereka, pa siwa ndikagona nawo ngati kukufunika. Ku boma mabokosi alipo, gulitsani mbuzi, tumani munthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikukoka lata ngati ndikutsegula khola la nkhumba, ndikudikira mawu anu. Munthuyu sitikumudziwa n'komwe!"

"Mukunena zoona," anatero bambo. "Mbuzi ingathe kugulitsidwa."

"Nanga tsono?"

Bambo anakhala pa njerwa zimene chitseko chinkakhalapo zaka zonse zija. Sindinawaonepo akulira, ndipo tsiku limenelonso sanalire, koma mawu awo anasintha, anatsika moti ndinachita kusendera kuti ndimve. Nkhani imene anatiuza anali asanaiuzepo munthu, ngakhale amayi.

Amayi awo, agogo Elube, anamwalira nyengo ngati yomweyo, fodya ali m'zigafa zoumitsira. Bambo anali msinkhu wa kamtsikana kaja. M'mawa wake agogo aamuna anawagwira dzanja n'kupita nawo kunyumba ya manijala kukapempha matabwa. Anagogoda, anagwada pakhonde. Wantchito wa m'nyumba anatsegula, anapita kukanena, anabwera ndi yankho lakuti matabwa alipo koma ndi a zigafa. Chitseko chinatsekedwa. Agogo anakhalabe chogwada mpaka dzuwa linakwera, koma sichinatsegukenso.

"Chimene ndimakumbukira ndi chogwirira chija," anatero bambo. "Chinali pa msinkhu wa maso anga. Ndinkachiyang'ana, kudikira kuti chitembenuke. Amayi anga anawasokerera m'chiguduli, ndi singano yomwe ija yosokera mabelo. Lero manda awo sindingakulozereni, pamalopo anadzalapo bulugamu."

Ndinayang'ana zala zanga. Penti wobiriwira amene ndinathera holide yonse ndikupala anali yemwe uja amene bambo anamuona atagwira dzanja la agogo.

"Abambo anga anachisunga kuti chidzakhale bokosi lawo," anapitiriza bambo, "ndikuganiza choncho, kungoti imfa inawapeza kutali. Ine ndinakulonjezani ndi mtima umodzi, Naphiri, sindinakunamizeni. Ndinkati penti akachoka ndidzaiwala. Koma taonani munthu uyo wanjuta apo ndi mwana. Ndikamubweza lero, kenako n'kuika chitsekochi pakhomo panga, ndiye kuti manijala uja ndine. Ndizilowa bwanji m'nyumbamo?"

Kamvula kanali kakugogoda pa malata. Amayi anatembenuka n'kulowa m'nyumba yakale, lata lija linalira kwee, ine n'kuganiza kuti apita kukalongedza katundu azipita kwawo. Anatuluka ndi nsalu ya makatani ija, isanadulidwe n'komwe, n'kuiponya pamiyendo pa bambo.

"Muyale m'katimo, munthu asagone pa thabwa. Chogwiriracho ndi mahinjesi zitsale, zimenezo ndi zanga. Ndipo mumve bwino, bambo a Elube: sindinavomere ayi, ndangoleka kukana."

Ine ndiye sindinaleke. Ndinathamangira pakhonde la shedi, ndinagwira chitsekocho ndi manja onse, ndikukuwa kuti ndapala ndine, zala zochekekazi ndi zanga. Mtima unkandiwawa zenizeni. Bambo sanandikalipire. Anandichotsa manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Wapala bwino, mayi anga. Tsopano pita ukasankhe misomali yowongoka kwambiri." Ankanditchula kuti mayi anga mwa apo ndi apo chifukwa cha dzina, koma tsiku limenelo m'pamene ndinamva kulemera kwake. Ndinapita kukasankha misomaliyo ndikusisima.

A Gondwe atagoneka chitseko pa migolo anaima ndi sowo m'manja. "Adada, mwatsimikiza? Thabwa ngati ili sindidzalionanso." Bambo anagwedeza mutu. Sowo italowa, bwalo lonse linadzaza fungo la mlombwa, lokoma, lobaya m'mphuno, ndipo utuchi wofiira unkagwera pa mchenga wonyowa. Chitseko chimodzi sichikwana bokosi lathunthu. Chinapereka chivundikiro ndi m'mbali, ndipo pofuna matabwa a pansi ndi a kumutu anaphwasula benchi imene ogula ankakhalira. A Matiki atazindikira chimene chikuchitika anadzuka, akukana ndi manja, kuti iwo anapempha zoipa, izi sangazikwanitse. Bambo anawayankha m'Chilomwe cha agogo, mawu ochepa amene ine sindinawamve, ndipo a Matiki anakhalanso pansi, chipewa chili kumaso.

Bokosi tinalinyamula pa ngolo yathu. Ine ndinapita nawo ndili chikwiyire, chifukwa amayi anati mwana wamkazi aphunzire kuyenda pa zovuta. Nyumba za matenanti zinali timisasa ta udzu tondandana m'mphepete mwa munda, totseka ndi mapesi. Anthu anali ochepa, ena kapitawo anawalola kuchoka m'munda dzuwa litapendeka. Amayi analowa m'nyumba ya maliro ngati womwalirayo ndi mng'ono wawo, ndipo nsalu ija anaiyala ndi manja awo. Mmodzi wa adzukulu, poona vanishi akuwala, anayamba nthabwala monga amachitira anthu amenewa pamaliro, amvekere, "Aa, mlendoyu ndiye akupita bwino kuposa eni mudzi!" Anthu anaseka pang'ono, misozi ili m'maso.

Ana sitinkaloledwa kumanda, choncho ndinatsala ndi kamtsikana kaja. Bokosi likutuluka, kanathamanga kukasisita chivundikiro, pamalo posalala pamene ine ndinakhula kwambiri. Kanabwerera kwa ine n'kundifunsa ngati amayi ake sazizidwa m'menemo. Ndinakauza kuti ayi, thabwalo ndi lochindikala, mphepo siingalowe. Ndinkadziwa, popeza ndinalipala ndine.

Tinalowa m'nyumba yatsopano pa Pasaka, titasamutsa lata lija ndi waya wake. Mwana wa kalaliki anabweradi kudzaona, ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Dzina la ku mabwinja linandiperekeza mpaka kusekondale. Patapita nthawi bambo anagula chitseko cha paini n'kuikapo chogwirira cha mkuwa chija, ndipo ndi chimene chilipo mpaka pano, chopindika m'munsi. A Matiki anachoka fodya atagulitsidwa, monga amachitira matenanti. Sitinawaonenso, sitinamve za mwana uja, ndipo palibe dalitso lodabwitsa limene linatigwera chifukwa cha tsikulo. Makuponi anayamba kuchepa, fodya anagwa mtengo, bizinesi inakhala ikukwera ndi kutsika ngati kale.

Chimene chinasintha n'chimodzi. Pa nyumba yotsatira imene bambo anagumula, anasankha chitseko chabwino n'kuchiika pa njerwa zija kuseri kwa shedi, n'kuchifunditsa pulasitiki. Chimenecho chinapita ndi mnyamata wa ku Dedza amene anaombedwa ndi mphezi m'munda wa fodya. Anaikapo china. Amayi ankangoyang'ana. Bambo atadwala matenda awo omaliza ndinawafunsa ngati chitseko chimene chinalipo nthawiyo tidzawapangire nacho bokosi iwo. Anakana. "Ine ndili ndi ana, mukagula ku boma. Icho n'cha amene alibe womugulira."

Lero bwaloli ndikuyendetsa ndine, alongo anga anasankha ntchito za m'tauni. Pachikwangwani ndinalembetsa dzina lomwe ndinkamenyera anthu lija. Ndakula mokwanira kudziwa kuti amayi sanalakwe. Njira ina inalipo, lonjezo linaswedwa, ndipo mkazi amene anadikira zaka zonse zija anali ndi chifukwa chokwiyira. Ndikawafunsa ngati anakhululuka amati, "Ndinayala nsalu, sizokwanira?" Koma ndamvetsanso chimene ndinalephera kumva ndili mwana. Ndinkaganiza kuti timagulitsa matabwa ndi zitsulo basi, ndipo penti akachoka chinthu chimakhala chatsopano. Tsopano ndimadziwa chifukwa chake bambo ankavula chipewa polowa m'nyumba yopanda anthu. Chinthu chochokera m'nyumba yakale chimabwera ndi zimene zinachitikira pamenepo, ndipo sandipepa sazichotsa. Chitseko chija chinatsekedwa pamaso pa mwana wamasiye, mwanayo anakalamba nacho, ndipo anapuma tsiku limene chinapereka matabwa amene chinakana.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wa galimoto kuchokera ku Lilongwe, wokonda zinthu zakale. Anazungulira bwalo lonse, anafika kuseri kwa shedi, n'kukweza pulasitiki.

"Ichi ndiye ndikuchifuna. Mukugulitsa bwanji?"

"Pepani mayi, chimenecho chili ndi mwini wake."

"Ndani? Mwina tingakambirane naye."

Ndinabwezeretsa pulasitiki, n'kutsindira ndi njerwa m'makona.

"Sitinamudziwe," ndinatero. "Mwina panopa ali m'munda, akuthyola fodya."